Thadzi logwa mphutsi lisathamangitsidwire mpeni

Amayi anzanga, nkhuku ikachita chilonda n'kugwa mphutsi, ambiri timathamangira mpeni kapena mankhwala ophera mbozi kumunda. Ine zonsezi sindigwirizana nazo. Thadzi loikira ndi limene limatigulira sopo, mchere ndi makope a ana, ndiye tilitaye osayesako? Mankhwala akumundawonso ndi poizoni, pomwe mazira a thadzi lomwelo adzadya ndi ana athu.

Ntchentche zimaikira mazira pachilonda kapena pa nthenga zomata zitosi kumbuyoku, ndipo kukamatentha ngati mu Okutobala, mazirawo amaswa tsiku lisanathe. Musadikire mawa. Metani nthenga m'mbali mwa chilonda, tsukani ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono, muchotse mphutsi imodziimodzi. Ndi ntchito yonyansa, inde, koma ife matewera tinachapapo. Mukatero pakani jivi, muivundikire ndi dengu lokuta nsalu kuti ntchentche zisabwerere, muipatse madzi ndi madeya. Muziionanso m'mawa ndi madzulo, poti mphutsi zina zimabisala mkati n'kutuluka pambuyo.

Pokhapokha ngati zaboola mpaka m'mimba, apo iphani n'kukwirira mozama, agalu asafukule. Isalowe mumphika.