Unyolo suchiza chibaba cha heroin

Mumzinda wa Yekaterinburg ku Russia, bungwe la City Without Drugs, lomwe linayamba mu 1999, linatchuka ndi njira yake yoletsera anthu heroin. Ankawamanga unyolo pabedi, kuwapatsa buledi ndi madzi, n'kuwasiya choncho mpaka chibaba chithe. Munthu akusanza, akutsegula m'mimba, thupi lonse likuphwanya, dzanja lili pachitsulo. Makolo ambiri, otopa ndi ana owabera katundu m'nyumba, ankawombera m'manja, ndipo mmodzi mwa oyambitsa bungweli, Yevgeny Roizman, anasankhidwa kukhala meya wa mzindawo mu 2013.

Kutopa kwa makolowo tikukumvetsa. Komabe ife tikuti izi ndi nkhanza zophwanya ufulu wachibadwidwe, ndipo sizichiza. Womasulidwa paunyolo nthawi zambiri amabwerera ku jakisoni, thupi litaiwala mlingo wakale, ndiye kubaya kumodzi kokha kukhoza kumupha. Winanso akamva kuti kofuna thandizo kuli unyolo, amabisala. Kobisalako jakisoni mmodzi amazungulira anthu angapo, kachilombo ka HIV n'kumayenda naye.

Boma la Russia nalo lili ndi mlandu. Malamulo ake amaletsa kuchiza ndi methadone ndi buprenorphine, mankhwala omwe bungwe la WHO linawaika pamndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri mu 2005. Methadone amamwa kamodzi patsiku kuchipatala. Amaziziritsa chibaba, munthu n'kuleka kudzibaya, kuyamba kugwira ntchito, ndipo ngati ali kale ndi kachilombo amamwa ma ARV mwandondomeko. Russia italanda Crimea mu 2014, odwala pafupifupi 800 omwe ankalandira thandizoli pansi pa boma la Ukraine anawadulira mankhwala. Ena anathawira m'madera ena a Ukraine, ena anabwerera ku heroin, ena anamwalira. Lero ku Russia anthu oposa 1 miliyoni ali ndi HIV.

Si Russia yokha. Ku Vietnam anthu ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo ankatsekeredwa zaka popanda kuonekera kukhoti, akukakamizidwa kusenda mtedza wa cashew. Mu 2012 mabungwe 12 a United Nations anapempha maiko kuti atseke malo onse oterewa.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa heroin wochokera ku Afghanistan amadutsa m'magombe a Tanzania ndi Mozambique, maiko omwe tagundana nawo malire. Tanzania sinadikire kuti zinthu zifike poipa: mu 2011 inatsegula chipatala cha methadone ku Muhimbili mumzinda wa Dar es Salaam, kumene odwala amafika m'mawa, kumwa mankhwala awo pawindo, n'kupita kukasaka ndalama. Tikupempha unduna wa zaumoyo ndi aphungu athu kuti pokonza ndondomeko za mankhwala ozunguza bongo atumize madokotala ndi apolisi akaone momwe ntchito ikuyendera ku Muhimbili, ndiponso alembe m'malamulo kuti malo aliwonse othandizira anthu otere, a boma, a mpingo kapena a munthu wamba, asamange wodwala kapena kumusunga iye asakufuna.