Woimba asanajambulitse, afunse kaye

Tsiku la msika pa Kabwazi ndinapeza mnyamata akuimba ndi gitala yopanga yekha pakhonde la bala, anthu ataunjikana. Atamaliza anandiuza kuti wagulitsa matumba awiri a mbatatesi kuti akajambulitse nyimbo ku Lilongwe. Nkhawa yanga ndi yakuti kumeneko akagwera m'manja mwa yani.

Tikumbuke Paul Banda. Iye anayamba ndi Alleluya Band ku Balaka mu 1978 ndipo anaimba zaka zambiri pamaso pa anthu asanatsegule situdiyo ya Imbirani Yahwe, momwe munatuluka nyimbo zambiri za chamba cha Balaka reggae m'zaka za m'ma 1990. Ku England nako, Nick Lowe ankaimba m'mabala a mu London ndi gulu la Brinsley Schwarz asanajambule chimbale choyamba cha Elvis Costello mu 1977.

Wojambula amene anaimbapo pagulu amadziwa chomwe chimadzutsa anthu pampando. Wongodalira kompyuta akhoza kukwirira mawu a mnyamata uja ndi phokoso, ndalama n'kupita pachabe.

Achinyamata, musanapereke ndalama za mbatatesi, mverani kaye zomwe wojambulayo anajambulapo, ndipo mumufunse komwe iye mwini anaimbako.