Maola a Ntchito Ndiwo Muyeso wa Chuma cha ku Misuku

Akatswiri a zachuma akafuna kudziwa ngati chuma cha dziko chikukwera kapena kutsika, sayang'ana mitengo ya zinthu yokha ayi. Amawerenganso maola amene anthu agwira ntchito pa mlungu. Ku America, ofesi ya Bureau of Labor Statistics imafalitsa chiwerengero chimenechi mwezi ndi mwezi, ndipo pakati pa owerengedwawo pali maloya, owerengera ndalama, alangizi ndi ena othandiza amalonda. Chifukwa chake n'chakuti malonda akayamba kulowa pansi, bwana amayamba wachepetsa maola asanachotse munthu ntchito, ndipo akayamba kuyenda bwino, amawonjezera maola asanalembe munthu wina. Motero maola amaneneratu zimene zili m'njira.

Nzeru imeneyi ndi yofunikanso ku mapiri a Misuku m'boma la Chitipa, kumene khofi ndiye mbewu yobweretsa ndalama m'makomo. Boma lidakhazikitsa bungwe la Smallholder Coffee Authority mu 1971 kuti lithandize alimi ang'onoang'ono. Mu 1999 ntchitoyo idapita m'manja mwa Smallholder Coffee Farmers Trust, ndipo mu 2007 padabadwa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, imene koparetivi ya Misuku ndi membala wake. Kuyambira pamenepo alimi ndiwo eni ake a bungweli, choncho ali ndi ufulu wodziwa momwe antchito ake amagwiritsira nthawi.

Khofi sadikira munthu. Akathyoledwa ayenera kupimidwa ndi kuchotsedwa makoko tsiku lomwelo, apo ayi amasasa, giredi yake imatsika, mtengonso nutsika. N'chifukwa chake m'chaka cha zokolola zambiri kalaliki wa pa sikelo amaweruka kutada, woyendetsa lole amatsika ndi kukwera msewu wa ku Kapoka osapuma, ndipo wotumiza ndalama pa foni satseka msanga. Koma kalaliki akamaweruka dzuwa lili paliwombo pakati pa nyengo yokolola, atsogoleri adziwe kuti mbewu yachepa kapena alimi akugulitsa kwina. Uthenga umenewu umafika miyezi ingapo malipoti a chaka asanalembedwe.

Komabe muyeso uliwonse umanama ukagwiritsidwa ntchito mosasamala. Kukhala pa mpando sindiko kugwira ntchito. Ofesi za boma zimatsegulidwa 7.30 m'mawa. Mlimi akalawira kuchokera kufupi ndi nkhalango ya Mughese kapena ya Matipa, nayenda mtunda wautali m'zitunda, ndiye n'kupeza chitseko chotseka, tsiku lake lonse la m'munda latayika. Ola limodzi limene mlangizi kapena kalaliki wachedwa limadya maola a anthu onse amene akumudikira panja. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwaukwau.

Mbali inanso ndi yakuti maola ochuluka kwambiri si chizindikiro cha chitukuko nthawi zonse. Lamulo la Employment Act la 2000 lidaika maola 48 pa mlungu kukhala malire a ntchito ya masiku onse, malire omwenso bungwe la International Labour Organisation lidavomereza ku Washington mu 1919 kwa ogwira ntchito m'mafakitale. Wopyola pamenepo ayenera kulipidwa ovataimu. Kalaliki mmodzi akamagwira ntchito ya anthu atatu popanda malipiro owonjezera, ndiye kuti pamalopo pachepa antchito. Munthu wotopa amalakwitsa kuwerenga sikelo, ndipo wolira pamapeto pake ndi mlimi.

Choyenera kuchita sichifuna ndalama zambiri. Malo aliwonse opimira khofi ndi ofesi iliyonse ya boma ku Misuku zikhale ndi buku lolembamo nthawi yoyambira, nthawi yowerukira, ndi chiwerengero cha anthu amene athandizidwa tsikulo. Mabukuwo aziwerengedwa mwezi uliwonse ku ofesi ya DC ku Chitipa. A National Statistical Office ku Zomba, amene adachita kafukufuku wa anthu apantchito mu 2013, angapindule nazo ziwerengero zotere, pakuti kafukufuku wamkulu sachitika chaka chilichonse.

Atsogoleri a chipani m'mabulanchi ndi ogwira ntchito m'boma ayambe ndi iwo eni. Afike pa nthawi yake, athandize anthu mwachangu, ndipo alembe zoona m'bukumo. Akatero, vuto la khofi ku Misuku lidzadziwika nthawi yolikonza ikadalipo.