Malaya owerenga mtima ndi kupuma abwere, koma atipeze tili maso

Abale ndi alongo a m'midzi ya m'malire, kuyambira ku Angónia, Tsangano ndi Macanga mpaka ku Milange ndi Mandimba, lero tikambirane nkhani imene poyamba ingamveke ngati ya kutali. Ndi nkhani ya malaya, malamba ndi mawotchi amene munthu amavala m'thupi, iwo nkumawerenga usana ndi usiku mmene mtima ukugundira ndi mmene munthuyo akupumira. Akatswiri ofufuza za matenda akuzigwiritsa ntchito kwambiri zipangizo zimenezi, ndipo m'mayiko ena a mu Africa ayamba kale kuziyesa pa ana. Maganizo anga ndi awa: zikafika kwathu kuno tisazithawe, komanso tisazilandire titatsinzina.

Tiyambire pa chimene tonse tikuchidziwa. Mwana akadwala chifuwa, mayi amamubereka kupita naye ku posto kapena kwa APE wa m'mudzi. Kumeneko amamuvula kamalaya, nayang'ana pamimba, nawerenga kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu. Muyeso wake anaukhazikitsa ndi a bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO. Khanda losakwana miyezi iwiri likapuma ka 60 kapena kupitirira pa mphindi, ndiye kuti likupuma mofulumira. Mwana wa miyezi iwiri mpaka 11, malire ake ndi ka 50. Wa chaka chimodzi mpaka zisanu, ka 40. Kupuma mofulumira chotero ndi chizindikiro chachikulu cha chibayo, nthenda imene m'chaka cha 2019 inapha ana oposa 740,000 osakwana zaka zisanu pa dziko lonse.

Kuwerengako kumaoneka kosavuta, koma amene anayesapo akudziwa. Mwana amalira, amapalapata, amakhosomola, ndipo wowerenga amasokonezeka nkuyambiranso. Ngakhale awerenge bwino, wawerenga mphindi imodzi yokha, pamene tsiku lili ndi mphindi 1,440. Nanga mphindi zotsalazo wazimva ndani? Amene anagonapo m'chipatala ndi wodwala akudziwa kuti matenda amakonda kukula usiku, nthawi imene namwino ali yekha ndi odwala odzaza chipinda. Mtima nawo uli chimodzimodzi. Umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo pali matenda ena amene amausokoneza kwa kanthawi kochepa, nkuleka. Munthu akafika pamaso pa dokotala, mtima uja wayamba kale kugunda bwino ngati palibe chinachitika.

Vuto limeneli ndi limene linabala zipangizo zovala. Mkulu wina wa ku America, Norman Holter, anapanga makina oyamba omvera mtima wa munthu akuyenda cha m'ma 1949. Ankalemera makilogalamu 38, pafupifupi ngati zigubu ziwiri za madzi za malita 20, ndipo munthu ankachita kuwabereka kumsana. Pang'onopang'ono anachepa mpaka kukwana m'thumba, ndipo mpaka lero madokotala amawatchula ndi dzina lake lomwelo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kampani ya VivoMetrics ya ku California inatulutsa malaya otchedwa LifeShirt. Kagwiridwe kake ka ntchito ndi kosavuta kumvetsa. M'nsalu yake anasokeramo timawaya tiwiri topindikapindika, kena kozungulira chifuwa, kena kozungulira mimba. Munthu akakoka mpweya chifuwa chimatukumuka, waya amatambasuka, ndipo kayendedwe ka magetsi ochepa odutsa m'menemo kamasintha. Kabokosi kakang'ono kamalemba kusinthako. Palinso tizigamba tomamatira pakhungu tomva timagetsi ta mtima, ndi kachipangizo kodziwa ngati munthu wagona, wakhala kapena akuyenda, kuti ofufuza asasokoneze kupuma kwa munthu wokwera phiri ndi kupuma kwa wodwala. Kampani ija inatsekedwa mu 2009, koma nzeruyo inapitirira. Malaya a mtundu womwewo opangidwa ku Montreal, dziko la Canada, anavalidwa ndi David Saint-Jacques, amene anakhala m'chombo cha m'mlengalenga kuyambira Disembala 2018 mpaka Juni 2019, madokotala akutsatira thupi lake ali pansi pano.

Wina afunse kuti, za m'mlengalenga zikutikhudza bwanji ife a khasu? Zikutikhudza, chifukwa nzeru yomweyo yatsikira kwa ana athu. Kampani ya Philips inapanga kalamba kotchedwa ChARM komangirira pamimba pa mwana, kamene kamawerenga kupuma nkuonetsa kuwala kofiira ngati mwana akupuma mofulumira. Bungwe la UNICEF linathandiza kukayesa ndi ogwira ntchito zaumoyo a m'midzi ku Ethiopia ndi ku Nepal. Ku Uganda ndi ku Kenya ayesa kachipangizo kotchedwa neoGuard, kovala pamphumi pa khanda ngati kansalu ka kumutu. Iko kamayesa mtima, kupuma, kutentha kwa thupi ndi mpweya wa okosijeni m'magazi, nkumatumiza zonse kwa namwino, kuti munthu mmodzi athe kuyang'anira makanda ambiri nthawi imodzi. Dziko lathu nalo si lachilendo pa kafukufuku. Likulu la kafukufuku wa zaumoyo la ku Manhiça linatsegulidwa mu 1996, ndipo ana a kumeneko ndi amene anathandiza kuonetsa mu 2004 kuti katemera wa malungo angathe kugwira ntchito. Palibe chifukwa choganizira kuti zipangizo zovalazi zidzatilambalala.

Nchifukwa chake ndikuti tizilandire. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kakuthwa munthu amakagwira mosamala, ndipo pali mafunso amene tiyenera kufunsa.

Funso loyamba ndi lakuti, kodi makinawo amanena zoona pa thupi ngati langali? Ambiri munaona kachipangizo kopanitsa pachala kamene kanatchuka nthawi ya Covid-19. Iko kamayesa okosijeni podutsitsa kuwala m'khungu. Mu Disembala 2020 madokotala a pa yunivesite ya Michigan anafalitsa zimene anapeza atayerekeza kachipangizoka ndi kuyesa magazi enieni. Pa nthawi zimene kankasonyeza kuti wodwala ali bwino, kunapezeka kuti okosijeni anali atatsika moopsa pafupifupi ka 12 pa 100 mwa odwala akuda, koma osakwana ka 4 pa 100 mwa azungu. Ndiye kuti makina amene madokotala anawadalira zaka zambiri ankabisa ngozi katatu kuposa pa khungu lakuda. Mu Januwale 2025 bungwe la boma la America loona za mankhwala, la FDA, linatulutsa malangizo ofuna kuti opanga aziyesa zipangizozi pa anthu a khungu losiyanasiyana.

Apa pali phunziro limene ena sangaliyembekezere. Nkhani ya ku Michigan sikutiuza kuti tikane kafukufuku. Ikutiuza kuti tikakhala kunja kwa kafukufuku, makina adzapangidwa poyesa matupi a anthu ena, nkudzabwera kwa ife atatha kale. Mwana wa ku Dómuè wochepa magazi chifukwa cha malungo, wogona m'nyumba ya utsi wa nkhuni, m'kuzizira kwa Juni, sali chimodzimodzi ndi mwana wa ku London. Ngati chipangizo chidzagwire ntchito pa iye, chiyenera kuyesedwa pa ana ngati iye.

Funso lachiwiri ndi lakuti, kodi makina akalira, wotsimikiza ndani? Ofufuza a pa yunivesite ya Stanford anatsatira anthu oposa 419,000 ovala wotchi ya Apple, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2019. Anthu oposa 2,000 analandira chenjezo lakuti mtima wawo ukugunda mosalongosoka. Mwa anthu 450 amene pambuyo pake anayesedwa ndi chipangizo cha kuchipatala, nthenda ija inapezeka mwa munthu mmodzi pa atatu alionse. Enawo mwina inali itabisala, mwina panalibe. Kumeneko munthu wolandira chenjezo amakaonana ndi dokotala wa mtima. Nanga kwathu kuno, kumene ena amayenda tsiku lonse kapena kuoloka malire kupita ku Dedza, Ntcheu kapena Mwanza kuti apeze chithandizo, mayi amene lamba wamuuza kuti mwana ali pangozi apite kuti?

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Lamba amaona, koma sachiza. Mwana wa chibayo amachira ndi amoksisilini, ndipo chikakula amafunika okosijeni ndi galimoto yomutengera kuchipatala chachikulu. Zipangizozi zimafunanso batire yodzaza, ndipo zina zimafuna foni ndi intaneti. Ife a ku Tete tikudziwa bwino kuti damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwe chino, koma magetsi ake ambiri amagulitsidwa ku South Africa pamene midzi yambiri ikudalira tochi ndi kasola. Wina angati, ndiye bwanji osasiya za malayazi nkugula mankhwala? Funsoli ndi lanzeru, ndipo sindikulinyoza. Yankho langa ndi lakuti zinthu ziwirizi zisapikisane. Ofufuza akabwera ndi lamba, abwerenso ndi yankho la chimene chidzachitike lamba akaonetsa kufiira. Kuchenjeza mayi popanda pomuthandizira ndi kungomuonjezera mantha.

Funso lachitatu ndi la chilolezo. Malamulo a kafukufuku pa anthu, amene madokotala a dziko lonse anagwirizana ku Helsinki mu 1964 nkuwakonzanso komaliza mu 2024, amanena momveka. Munthu ayenera kuuzidwa cholinga cha kafukufuku, ubwino wake ndi kuopsa kwake. Ali ndi ufulu wokana, ndiponso wotuluka pa nthawi iliyonse popanda kulangidwa. Kukana kwake sikuyenera kusokoneza chithandizo chake cha kuchipatala. Kuno ku Moçambique kuli komiti ya dziko lonse yotchedwa Comité Nacional de Bioética para a Saúde, imene imaunika kafukufuku wotere asanayambe. Choncho si mwano kufunsa kuti, kalata yovomereza ili kuti? Si mwano kupempha kuti pepala liwerengedwe m'chinenero chathu. Kudinda chala pa pepala la Chipwitikizi limene munthu sanalimve si kuvomereza ayi. Ndipo mfumu ikalola kuti alendo alowe m'mudzi, sikuti yavomerezera mayi aliyense ndi mwana wake. Aliyense amadzinenera yekha.

Pa zipangizo zovala pali chinanso chimene jakisoni alibe. Malaya amene amadziwa kuti wagona, wadzuka kapena ukuyenda, akudziwa zambiri za moyo wako. Tifunse kuti, zolembedwazo zikupita kuti? Adzaziona ndani? Dzina langa lidzakhalapo? Zidzasungidwa mpaka liti? Kafukufuku akatha, chipangizo chikapezeka chothandiza, kodi posto yathu idzatsala nacho, kapena chidzakwera galimoto pamodzi ndi eni ake? Malamulo a ku Helsinki aja amafuna kuti za pambuyo pa kafukufuku zikonzedweretu asanayambe.

Ndikunena zimenezi ndikukumbukira 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndiponso mbali yathu ino ku Zambézia. Anthu osalakwa anaphedwa, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ena anaopa kulowa m'midzi. Tinene mosabisa: malaya amenewa sapopa magazi, alibe singano, ndipo sachotsa kanthu m'thupi. Amangomvera ndi kulemba. Koma taganizirani mlendo atafika m'mudzi nkumanga kabokosi kowala pachifuwa pa mwana, osafotokoza bwino. Mphekesera imamera pamene anthu sanauzidwe zoona. Mankhwala ake ndi msonkhano wapoyera, pamaso pa mafumu, a mipingo, azamba ndi APE amene anthu amamudziwa, chipangizo chikuyendayenda m'manja mwa anthu, wofufuza atayamba wavala yekha.

Pempho langa likupita mbali ziwiri. Kwa akuluakulu a zaumoyo m'maboma athu, musalole kafukufuku kulowa m'mudzi wopanda womasulira wodziwa chinenero, wopanda mankhwala ndi njira yotumizira odwala, ndiponso wopanda lonjezo lodzabweranso kudzatiuza zimene apeza. Kwa ife eni midzi, tisaponye mwala, tiponye funso. Safunsa anadya phula.

Pakali pano, malayawo asanafike, maso athu ndiwo chipangizo chimene tili nacho. Mwana akamapuma mofulumira, pansi pa nthiti pakamalowa mkati pokoka mpweya, akamakana kuyamwa kapena akafooka mosadzutsika, musadikire kuti kuche. Nyamukani naye nthawi yomweyo.