KUM'MWERA KWA AFRICA: Kafukufuku anapeza njira yochizira matenda oumitsa khosi, ntchito yatsala m'mawodi

JOHANNESBURG – Pa matenda amene amapha anthu omwe ali ndi kachilombo ka HIV, chifuwa chachikulu cha TB ndicho chimatchuka kwambiri. Matenda amene amabwera pambuyo pake samveka kawirikawiri pa misonkhano ya atsogoleri, ngakhale kuti anamwino a m'zipatala zazikulu za m'chigawo chino amawadziwa bwino. Matendawa ndi oumitsa khosi, a mtundu umene madokotala amautcha cryptococcal meningitis.

Malinga ndi kafukufuku amene anasindikizidwa m'chaka cha 2022 m'magazini ya The Lancet Infectious Diseases, anthu pafupifupi 152,000 anadwala matendawa m'chaka cha 2020 pa dziko lonse, ndipo 112,000 anamwalira. Izi zikutanthauza kuti pa imfa 100 zilizonse zodza kamba ka Edzi, 19 zinadza ndi matendawa. Imfa zambiri zinachitika m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara.

M'zaka zapitazi, gulu la madokotala, anamwino, akatswiri a m'malabotale ndi a zowerengera a m'maiko angapo a mu Africa ndi ku Ulaya linasintha kachiritsidwe ka matendawa. Ntchito yawo ikusonyeza zimene kafukufuku wa zachipatala angathe kuchita, komanso pamene mphamvu zake zimathera.

Matenda odza chitetezo chikatsika

Chimayambitsa matendawa ndi kachilombo ka m'gulu la nkhungu, kotchedwa Cryptococcus, kamene kamapezeka m'dothi, m'mitengo yowola ndi m'zitosi za mbalame. Munthu amakapuma limodzi ndi mpweya, ndipo ngati chitetezo cha m'thupi mwake chili bwino, sadwala. Koma chitetezo chikatsika kwambiri, makamaka chiwerengero cha CD4 chikachepera 100, kachilomboka kamafika ku ubongo. Wodwala amayamba ndi mutu wosaleka kwa masiku kapena milungu, kenako amasanza, maso amachita chidima, ndipo ena amasokonezeka maganizo kapena kukomoka. Popanda mankhwala, matendawa amapha.

Kwa zaka zambiri, mankhwala okhawo amene zipatala za boma zinali nawo anali fluconazole, ndipo ngakhale amenewo anapezeka movutikira. Mu October 2000, Zackie Achmat wa bungwe la Treatment Action Campaign analowetsa m'dziko la South Africa fluconazole wotsika mtengo kuchokera ku Thailand, pofuna kutsutsa mtengo umene kampani ya Pfizer inkagulitsira mankhwalawa. Kumapeto kwa chaka chomwecho kampaniyi inagwirizana ndi boma la South Africa kuti izipereka mankhwalawa mwaulere, ndipo pambuyo pake thandizoli linafika ku maiko ena.

Fluconazole ndi wosavuta kupereka chifukwa ndi wakumwa, koma payekha alibe mphamvu zokwanira. Ofufuza a ku Blantyre atatsatira odwala amene analandira mankhwalawa okha, anapeza kuti oposa theka ankamwalira milungu 10 isanathe. Mankhwala amphamvu, amphotericin B, ankaperekedwa kudzera m'dripi tsiku lililonse kwa milungu iwiri. Mankhwalawa amawononga impso, amachepetsa magazi ndiponso amatsitsa mchere wa potaziyamu m'thupi, motero wodwala amafunika kumuyeza magazi pafupipafupi. M'wodi momwe namwino mmodzi akusamalira odwala ochuluka ndipo zotsatira za ku labotale zimachedwa, chithandizo chotere chimakhala chovuta kuchipereka mosamala.

Funso lochokera m'wodi

Ofufuzawa anayambira pa vuto limeneli. Iwo sanafunefune mankhwala atsopano. Anafuna kudziwa njira yogwiritsira ntchito mankhwala omwe analipo kale, imene chipatala chosowa zipangizo chingakwanitse.

Kafukufuku woyamba wamkulu, wotchedwa ACTA, anachitika ku Malawi, Zambia, Tanzania ndi Cameroon pa odwala 721, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2018. Anasonyeza kuti mlungu umodzi wa amphotericin B, limodzi ndi mapiritsi a flucytosine, umapulumutsa anthu ambiri kuposa milungu iwiri: pa odwala 100 alionse a m'gulu limeneli, pafupifupi 24 ndiwo anamwalira pa milungu 10. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza njirayi chaka chomwecho.

Gawo lotsatira linali kafukufuku wa AMBITION, amene anatsogoleredwa ndi Joseph Jarvis wa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, yemwe ankagwirira ntchito ku Gaborone, ndi Thomas Harrison wa ku St George's, University of London. Kuyambira mu January 2018 mpaka mu February 2021, ofufuzawa analemba odwala 844 m'zipatala za ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe. Ku Malawi ntchitoyi inachitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zimbabwe pa chipatala cha Parirenyatwa ku Harare, ndipo ku Botswana pa chipatala cha Princess Marina. Ndalama zambiri zinachokera ku bungwe la EDCTP, lomwe ndi mgwirizano wa maiko a ku Ulaya ndi a mu Africa.

Odwalawa anagawidwa m'magulu awiri mwa maere, kuti dokotala asasankhe yekha amene alandire mankhwala ati. Gulu loyamba linalandira njira ya mlungu umodzi imene WHO inkalimbikitsa pa nthawiyo. Gulu lachiwiri linalandira dripi imodzi yokha, ya mlingo waukulu, ya amphotericin B wokutidwa m'timafuta, amene amagulitsidwa m'dzina la AmBisome, kenako mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14. Kukuta mankhwalawa m'timafuta kumachititsa kuti asawononge impso kwambiri, ndipo amakhalitsa m'thupi.

Muyeso umene ofufuzawa anasankha unali wosavuta kumva: ndi angati amene adzakhale moyo pakatha milungu 10. Zotsatira zinasindikizidwa mu March 2022 m'magazini ya The New England Journal of Medicine. Pa odwala 407 amene anawerengedwa m'gulu la dripi imodzi, 101 anamwalira. Pa 407 a m'gulu linalo, anamwalira 117. Kusiyana kumeneku ndi kwa 24.8 peresenti ndi 28.7 peresenti.

Ziwerengerozi ziyenera kumvedwa mosamala. Kafukufukuyu anakonzedwa kuti aone ngati njira yatsopanoyi siiperewera poiyerekeza ndi yakale, ndipo zimenezi zinatsimikizika. Phindu losakayikitsa linaoneka pa mavuto odza ndi mankhwala. Kuchepa kwa magazi kodetsa nkhawa kunagwira odwala 13 pa 100 alionse m'gulu la dripi imodzi, pamene m'gulu linalo kunagwira 39. M'maiko momwe magazi oika odwala amasowa kawirikawiri, kusiyana kotere n'kwakukulu. Patangopita miyezi yochepa, m'chaka chomwecho cha 2022, WHO inasintha malangizo ake n'kuika njira ya dripi imodzi patsogolo.

Zimene sizioneka pa ziwerengero

Ntchito ya gulu lotere siithera pa kuwerenga imfa. Odwala ena amafika ku chipatala atasokonezeka maganizo, osatha kuvomereza okha kulowa m'kafukufuku. Zikatere, ofufuza amapempha chilolezo kwa wachibale, ndipo wodwalayo akatsitsimuka amafunsidwanso ngati akufuna kupitiriza. M'madera ambiri anthu amaopanso kutengedwa madzi a pamsana, chifukwa anaonapo abale awo akumwalira atangochitidwa zimenezi. Nthawi zambiri chimapha ndi matenda omwe anali atakula kale, ndipo pa matenda awa kuchotsako madziwo kumachepetsa kupanikizika kwa ubongo n'kupulumutsa moyo. Pofuna kumvetsa zinthu zimenezi, gulu la AMBITION linachita kafukufuku wina wapadera, wotchedwa LEOPARD, amene anafunsa odwala, achibale awo ndi ofufuza omwe za mmene ntchitoyi anaionera.

Akatswiri a zachuma a m'gululi anawerengeranso mtengo. Pogwiritsa ntchito mitengo ya ku Malawi, anapeza kuti wodwala mmodzi wa njira ya dripi imodzi anawonongetsa madola a ku America 1,369, pamene wa njira inayo anawonongetsa madola 1,237. Mankhwala okutidwa m'timafuta ndi okwera mtengo, koma ndalama zina zimabwerera chifukwa kuyeza magazi ndi kuika magazi kumachepa. Kuwerengera kotere n'kumene unduna wa zaumoyo umafunikira usanasinthe mndandanda wa mankhwala ogula.

Kafukufuku wathandizanso kuletsa zinthu zimene zinkaoneka zanzeru koma zinali zovulaza. Wa COAT, amene anachitika ku Uganda ndi ku South Africa ndipo anatuluka m'chaka cha 2014, anasonyeza kuti kuyamba msanga mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV pamene munthu wangopezeka ndi matendawa kumachulukitsa imfa. Lero malangizo ndi akuti wodwala adikire milungu 4 mpaka 6.

Mpata pakati pa kafukufuku ndi chipatala

Wodwala wa m'kafukufuku amakhala ndi namwino womuyang'anira, magazi ake amayezedwa pa nthawi yake, ndipo mankhwala sasowa. Wodwala wamba pa chipatala cha boma sapeza zonsezi. N'chifukwa chake imfa za m'mawodi zimaposa za m'kafukufuku.

Ntchito ina, yotchedwa DREAMM, inafufuza mpata umenewu m'zipatala za boma ku Malawi, Tanzania ndi Cameroon. Ofufuzawa anaphunzitsa ogwira ntchito, anabweretsa zipangizo zoyezera pafupi ndi bedi la wodwala, ndipo anakonza kayendedwe ka zotsatira pakati pa labotale ndi wodi. Zotsatira zimene zinatuluka m'chaka cha 2023 zinasonyeza kuti imfa za m'milungu iwiri yoyamba, pakati pa odwala matenda a mu ubongo odza ndi HIV, zinatsika ndi pafupifupi theka. Phunziro lake n'lakuti dongosolo la m'chipatala limapulumutsa anthu monga momwe mankhwala amachitira.

Vuto lina ndi kapezekedwe ka mankhwalawo. M'chaka cha 2018 kampani ya Gilead inalengeza kuti izigulitsa AmBisome pa madola 16.25 pa kabotolo kamodzi m'maiko 116 osauka ndi opeza pakatikati, koma mabungwe monga Médecins Sans Frontières anadandaula kuti mtengowu unachedwa kufika m'maiko ambiri. Flucytosine ndi mankhwala akale, a m'zaka za m'ma 1950, komabe kwa nthawi yaitali anali osalembetsedwa m'maiko ambiri a mu Africa. Mabungwe a Unitaid ndi Clinton Health Access Initiative anathandiza kuti mankhwalawa ayambe kufika m'maiko angapo. Popanda flucytosine, njira ya dripi imodzi imakhala yosakwanira.

Palinso nkhani ya kupewa. Kachilomboka kamaoneka m'magazi milungu ingapo munthu asanayambe kumva mutu, ndipo pali kachipangizo kotsika mtengo koyezera zimenezi m'mphindi zochepa. Kafukufuku wa REMSTART, wa ku Tanzania ndi Zambia, anasonyeza m'chaka cha 2015 kuti kuyeza kotere, limodzi ndi kuyendera odwala kunyumba, kunachepetsa imfa ndi 28 peresenti. Dziko la South Africa linayamba kuyeza magazi a aliyense amene CD4 yake yachepera 100 m'chaka cha 2016. Koma kuti munthu ayezedwe motere, CD4 yake iyenera kudziwika kaye. Kuyambira pamene maiko anayamba kupereka ma ARV kwa aliyense wopezeka ndi HIV, ndalama zoyezera CD4 zinachepa m'madera ambiri.

Amene ali pachiopsezo lero

Matendawa sakugwiranso okhawo amene sanayezetsepo magazi. Mu kafukufuku wa AMBITION, pafupifupi odwala awiri mwa atatu alionse anali atamwapo kale ma ARV. Ena anali atangoyamba, ena anasiya, ndipo ena mankhwalawo anali atasiya kugwira ntchito m'thupi mwawo. Choncho chilichonse chimene chimadula anthu pa mankhwala chimaonjezera odwala oumitsa khosi pakapita nthawi.

Apa ndi pamene nkhani ya kafukufuku imakumana ndi ndale za pa dziko lonse. Mu January 2025 boma la Donald Trump linaimitsa thandizo la dziko la America ku maiko akunja, ndipo mu July chaka chomwecho bungwe la USAID linatsekedwa. Ntchito zambiri zimene zinkayendera ndalama za PEPFAR zinasokonekera, kuphatikizapo za alangizi otsatira anthu amene asiya mankhwala, alembi a m'zipatala ndi otenga magazi kupita nawo ku labotale. Magulu ena ofufuza a ku South Africa anatayanso ndalama zochokera ku America. Ntchito zimenezi n'zimene zimathandiza kuti munthu wa chitetezo chotsika apezeke asanakomoke.

Akatswiri ndi mabungwe omenyera ufulu wa odwala anakhazikitsa m'chaka cha 2021 cholinga chothetsa imfa za matendawa pofika 2030, ndipo mu October 2022 WHO inaika Cryptococcus m'gulu la tizilombo ta nkhungu toopsa kwambiri. Mbali ya ofufuza pa cholingachi yachitika mokwanira ndithu: njira yochizira ikudziwika, mtengo wake unawerengedwa, ndipo malangizo analembedwa. Zotsala zili m'manja mwa maunduna a zaumoyo ndi a zachuma. Iwo ndiwo ayenera kulembetsa ndi kugula flucytosine, kusunga AmBisome m'zipatala za m'maboma momwe odwala ambiri amafikira, kubwezeretsa kuyeza CD4, ndi kuphunzitsa madokotala othandizira kutenga madzi a pamsana. Ayeneranso kuwerenga okha odwala amene amatuluka amoyo m'mawodi awo, chifukwa popanda chiwerengero chimenecho palibe angadziwe ngati zimene zinapezeka ku Gaborone, Blantyre ndi Harare zafika kwa wodwala wamba.