Befu wa Mwana Sayembekeza Mawa

Anzanga ndi aphunzitsi, ndifuna kunenapo pa chinthu chimene ndinachiona ndi maso anga pa tchuthi cha Khirisimasi. Mlongo wanga wa zaka 3 anatentha thupi masiku awiri, ndipo usiku wachitatu anayamba kupuma mofulumira ndi mozama, monga munthu amene wathamanga mtunda wautali. Agogo anati, "Ichi n'chibayo, timteme mphini pachifuwa." Koma amayi anakana, nambereka mwanayo kunka kuchipatala usiku womwewo, ine ndikuwaunikira njira.

Kumeneko adotolo anambaya chala, natenga dontho la magazi, ndipo patapita mphindi 15 anati ndi malungo aakulu. Ine ndinadabwa, pakuti ndinkayesa kuti malungo ndiwo mutu ndi kunjenjemera basi.

Tsono ndamvetsa chifukwa chake. Kachilombo ka Plasmodium falciparum, kamene udzudzu umafalitsa, kamawononga magazi ndi kutseka timitsempha tating'ono. Pamenepo mpweya wabwino sufika m'thupi monse, asidi amachuluka m'magazi, ndipo mwana amapuma mozama kuti thupi lichepetse asidiyo. Kwa akulu, makamaka amayi apakati, madzi amatha kudzaza m'mapapo, nthawi zina ngakhale atayamba kale kulandira mankhwala.

Agogo sindiwaseka ayi, chifukwa chibayo ndi malungo zimafanana kwambiri, ndipo mwana angathe kudwala zonse ziwiri pamodzi. Nanga ife pakhonde tingazisiyanitse bwanji? Adotolo okha ayenera kuyeza magazi, kumvetsera m'chifuwa, ndi kuona kuchuluka kwa mpweya m'thupi. Mlongo wanga anambaya jekeseni ya artesunate, imene bungwe la World Health Organization linavomereza mu 2011 kuti ilowe m'malo mwa kwinini kwa ana. Anamuikanso mpweya m'mphuno namuwonjezera magazi. Atapezako bwino anamaliza ndi mapiritsi a LA masiku atatu.

Ena adzati chipatala chili kutali, ndipo kuyenda usiku n'koopsa. Inde n'zoona, ifenso tinafika miyendo ili yolema. Koma adotolo anauza amayi kuti tikadadikira kuti kuche, mwina tikadabwera ndi maliro.

Chotero maganizo anga ndi awa: ife ana a sukulu tiphunzire kuwerenga kapumidwe ka mwana. Mwana wa chaka chimodzi kufikira zaka 5 akamapuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi imodzi ali phee, kapena pansi pa nthiti pakamalowa m'kati pokoka mpweya, msanga kuchipatala! Kwa wa miyezi 2 kufikira 11 muyeso wake ndi ka 50. Akulu tiwauze zimenezi mwaulemu, koma tisakhale chete. Kodi maphunziro athu apindulanji ngati tikhoza mayeso a Biology, koma m'bale wathu nabanika ife tikungopenya?