Njinga Yofesa Maluwa: Tifesa Chiyani, Ndipo Kuti?

Achinyamata anzanga, m'maiko ena kumene njuchi zachepa, anthu ayamba kufesa maluwa a kutchire m'mbali mwa misewu, ena mpaka pogwiritsa ntchito njinga. Kapangidwe kake n'kosavuta. Mumaboola chitini, kuchimangirira pa kaliyala, n'kuthiramo njere zosakaniza ndi mchenga. Kawaya kochokera ku chitinicho kamakhudza masipoko, ndipo tayala likamazungulira chitini chimagwedezeka, njere n'kumawazika.

Nzeru imeneyi ndaikonda, ndipo si yachilendo kwa ife. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, ali ndi zaka 14, anapanga magetsi oyendera mphepo ndi njinga yakutha ya bambo ake. Chitini chokha chingatikanike ife a ku Chiradzulu, amene njinga ndiyo miyendo yathu? Phindu liliponso: popanda njuchi maungu athu amangochita maluwa osabereka, ndipo njuchi zimafuna maluwa ngakhale minda itakololedwa.

Komabe chitini chilibe maso. Chimene mwathiramo n'chimene chimafesa. Lantana ndi deliya, zimene zadzaza m'malire mwa minda ndi m'mbali mwa mitsinje, zinachokera ku America, ndipo maluwa ake ngokongola ndithu. Funsani mlimi amene walimbana ndi lantana kuti kukongolako kwamupindulira chiyani. Choncho paketi ya njere yosadziwika kwawo isalowe m'chitinimo. Titole njere za maluwa a konkuno, tiwaonetse agogo ndi alangizi a zaulimi, atiuze ngati sizidzasanduka tchire m'munda wa mnzathu.

Chachiwiri chimandilemera kwambiri. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera kuphiri, mudzi wa Ntauchira unakokoloka. Tisadzinamize kuti njinga ingachize malo otsetsereka ngati amenewo. Njere yongowazidwa pamtunda imapita ndi mvula yoyamba. Kumeneko kumafunika mitengo ndi vetiva, ndipo vetiva amabzalidwa ndi manja, phata limodzi limodzi, munthu atawerama.

Njinga yathu ikagwire ntchito pamalo athyathyathya: m'mbali mwa bwalo la sukulu, m'njira ya kuchigayo, nthaka itanyowa mu Disembala. Ndipo pakhale wina wobwererako pakatha milungu iwiri kukaona ngati mbuzi zasiyako kanthu.